Mafunso ndi mayankho: ntchito ya woimba chelo amene wadzipereka ku nyimbo za opeka amoyo

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuphunzitsa kwaya ya achinyamata kuno ku Luchenza, ndipo madzulo ena, tikatha kukonzekera nyimbo za Lamulungu, ndimatulutsa chelo changa chakale kuti ana amve liwu lake. Tsiku lina ndinawaikira pa lamya nyimbo ya chelo yopekedwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo chiyambire tsikulo mafunso sanaleke kubwera, ochokera kwa anawo, kwa makolo awo, ngakhalenso kwa akuluakulu a mpingo. Pano ndasonkhanitsa mafunso amene ndimawamva kawirikawiri, ndi mayankho amene ndingathe kuwaikira umboni.

Kodi chelo n'chiyani, ndipo chimasiyana bwanji ndi kaligo amene agogo athu ankaimba?

Chelo ndi chida choimbira cha nsambo zinayi, cha m'banja limodzi ndi vayolini, koma chachikulu moti woimba sachinyamula paphewa. Amakhala pampando n'kuchiimika pakati pa mawondo, kachitsulo kosongoka ka kunsi kwake katabaya pansi. Thabwa la kumaso amalisema kuchokera ku mtengo wopepuka wa spruce, la kumsana kuchokera ku mtengo wolimba wa maple, ndipo uta wake amaumanga ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi, umene woimba amaupaka utomoni wouma kuti uzigwira nsambo bwino. Nsambozo amazitchuna C, G, D ndi A, kuyambira yaikulu kutsirizira yaing'ono, kotero kuti chida chimodzichi chimatsika kupitirira abambo a besi ndi kukwera kufika pamene amayi a soprano amafika. Chinabadwira ku Italy m'zaka za m'ma 1500, ndipo kukula kumene tikukudziwa lero kunakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 m'manja mwa amisiri ngati Antonio Stradivari wa ku Cremona.

Kaligo ali ndi nsambo imodzi ndipo ndi wamng'ono, koma ziwirizi ndi pachibale pa chinthu chachikulu. Zonse zilibe timizere tachitsulo ngati ta pa gitala, ndiye chala chimayenera kudzipezera chokha malo a liwu, khutu ndilo likuchitsogolera. Munthu amene anaonererapo gogo akutsetsereza chala pa nsambo ya kaligo, liwu likulira ngati munthu wodandaula, waona kale theka la zimene woimba chelo amachita.

Mukamati nyimbo za kalasiki zamakono mukutanthauza chiyani? Si zimene zimamveka pa wailesi?

Ayi, si zimenezo. Nyimbo za kalasiki ndi zimene wopeka amazilemba pa pepala noti ndi noti, n'kuzipereka kwa anthu ena kuti aziimbe monga mwalembedwamo. Ambiri akamva mawuwa amakumbukira anthu amene anamwalira kalekale: Johann Sebastian Bach, amene analembera chelo chokha nyimbo zisanu ndi imodzi cha m'ma 1720 ndipo anamwalira mu 1750, kapena Beethoven, amene anatisiya mu 1827. Koma mwambo wolemba nyimbo sunathere pa iwo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, opeka achinyamata a ku Ulaya anaona kuti sangapitirize kulemba ngati kuti palibe chachitika, ndipo kuyambira mu 1946 ankasonkhana mumzinda wa Darmstadt ku Germany kudzaphunzitsana njira zatsopano zokonzera mawu. Zimene zalembedwa kuchokera nthawi imeneyo kufika lero ndizo tikuzinena. Ine ndimakonda kuzitcha nyimbo za opeka amoyo, chifukwa chozisiyanitsa chenicheni n'chakuti woimba amatha kumuyang'ana m'maso mwini nyimbo ndi kumufunsa chimene ankafuna.

Nanga woimba wodzipereka ku nyimbo zimenezi moyo wake umayenda bwanji?

Chitsanzo chomveka bwino ndi Siegfried Palm wa ku Germany, amene anabadwa mu 1927 ku Barmen, dera la mzinda wa Wuppertal, ndipo anamwalira mu 2005. Anayamba kuphunzira kwa bambo ake, amenenso anali woimba chelo, kenako anakanoledwa ndi katswiri wa ku Italy, Enrico Mainardi. Sanayambe ndi kutchuka. Kwa zaka zoposa 20 anakhala pampando wa mtsogoleri wa oimba chelo m'magulu aakulu oimba zida zosiyanasiyana pamodzi, otchedwa okestra, ku Lübeck, kenako ku nyumba ya wailesi ya ku Hamburg, kenakonso ku ya ku Cologne. Nyumba za wailesi za ku Germany pa nthawiyo zinkalipira opeka kuti alembe nyimbo zatsopano ndi kuziulutsa, ndiye tsiku ndi tsiku Palm ankakumana ndi mapepala amene anzake ambiri ankawathawa, ponena kuti zolembedwamo dzanja la munthu silingazikwanitse.

Iye sankathawa. Ankatenga pepalalo kupita nalo kunyumba, n'kukhala nalo miyezi mpaka njira itapezeka. Mbiri itamveka kuti ku Germany kuli munthu wotere, opeka anayamba kulemba akumuganizira iyeyo. Iannis Xenakis, Mgiriki amene anali katswiri wa zomangamanga ndi masamu, anamupatsa Nomos Alpha, imene Palm anaiimba koyamba mu 1966. György Ligeti anamulembera nyimbo ya chelo ndi okestra imene inamveka koyamba ku Berlin mu 1967. Krzysztof Penderecki wa ku Poland anafika poika dzina la Palm m'mutu weniweni wa nyimbo yake ya mu 1968, ndipo Isang Yun wa ku Korea anamulembera yake imene inaimbidwa mu 1976. Pambali pa zonsezi ankaphunzitsa ku Darmstadt ndi ku sukulu ya zoimbaimba ya ku Cologne, imene anaitsogolera kuyambira 1972 mpaka 1976, asanapite kukayendetsa nyumba ya opera ya Deutsche Oper ku Berlin mpaka 1981.

Chimene chimandigwira mtima pa moyo umenewu n'chakuti munthuyu anasintha chida osasinthako thabwa ngakhale limodzi. Zinthu zimene mu 1950 zinkatchedwa zosatheka, lero ophunzira a m'masukulu a zoimbaimba amaziimba pa mayeso, chifukwa munthu mmodzi analimba mtima kuyamba kudutsa pamene panalibe njira.

Ife tinamvapo za Rostropovich. Kodi nayenso ali m'gulu limeneli?

Ali momwemo, ngakhale kuti iye ankaimbanso kwambiri nyimbo zakale. Mstislav Rostropovich anabadwira ku Baku mu 1927, chaka chimodzimodzi ndi Palm, ndipo anamwalira mu 2007 atakhala woyamba kuimba nyimbo zatsopano zoposa 100. Dmitri Shostakovich atamupatsa nyimbo yake yoyamba ya chelo ndi okestra mu 1959, iye anailoweza pamtima m'masiku anayi okha. Benjamin Britten wa ku England, Witold Lutosławski wa ku Poland ndi Henri Dutilleux wa ku France onse anamulembera. Anavutika ndi boma la kwawo la Soviet Union chifukwa chosunga m'nyumba mwake mlembi Aleksandr Solzhenitsyn, anachoka m'dzikolo mu 1974, ndipo mu 1978 anamulanda unzika. Kusiyana kwake ndi Palm n'kwakuti Rostropovich anagwiritsa ntchito kutchuka kwake kukokera makamu a anthu ku nyimbo zatsopano, pamene Palm anasankha nyimbo zovuta kwambiri, zimene nthawi zambiri omvera ake ankakwana m'holo yaing'ono.

Aphunzitsi, pepani kufunsa chonchi, koma zimene munatiikira zija si phokoso chabe?

Funso limeneli anandifunsa ndi mayi wina amene ana ake awiri ali m'kwaya yathu, ndipo sindinakhumudwe nalo, chifukwa inenso ndinaganiza chimodzimodzi nditazimva koyamba. Khutu limene linakulira pa nyimbo za m'buku la tchalitchi limayembekezera mawu anayi oyenda pamodzi n'kukathera pa do. Opeka ambiri a masiku ano anasiya dala njira imeneyo, ndipo amafunsa funso lina: kodi m'thabwa, m'nsambo ndi m'ubweya uwu muli mawu angati amene sitinawamvetsere?

Mayankho ake ndi ambiri. Uta ukayandikira kwambiri kathabwa kochirikiza nsambo, liwu limasanduka lopyapyala ndi lozizira ngati mphepo yolowera pa zenera. Chala chikangokhudza nsambo osaikanikiza, pamatuluka kaliwu kokwera ngati likhweru. Woimba amatha kutembenuza uta n'kumenya nsambo ndi mtengo wake, kukoka nsambo mpaka iwombe pa thabwa, kuomba thupi la chelo ndi chikhatho ngati ng'oma, kapena kuimba mawu a pakati pa mi ndi fa, amene piyano ilibe. Mu Nomos Alpha muja, woimba amamasula nsambo yaikulu kwambiri ali pakati pa nyimbo kuti itsike mpaka imveke ngati kugunda kwa bingu lakutali. Helmut Lachenmann wa ku Germany, m'nyimbo yake ya mu 1969 yotchedwa Pression, sanalembe kwenikweni mawu oti amveke, koma anajambula zimene manja ayenera kuchita: pokanikiza, popukuta, pokanda.

Chosiyanitsa zimenezi ndi phokoso n'chakuti chilichonse chinaganiziridwa, chinalembedwa, ndipo chikhoza kubwerezedwa mawa chimodzimodzi. Mlendo wofika koyamba ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe akhoza kunena kuti ng'oma za tchopa zikungosokosera, pamene mwana wa pamudzi amadziwa kuti ng'oma iliyonse ili ndi mawu ake ndi nthawi yake yolowera, ndipo mmodzi akaphonya, ovina onse amamutembenukira. Sindikunena kuti nyimbo yatsopano iliyonse ndi yabwino. Zina ndi zowuma, zolembedwa ndi mutu wokha, ndipo zimaiwalika zitangoimbidwa kamodzi. Koma sitingadziwe yabwino ndi iti ngati palibe wovomera kuziimba zonse mwaulemu.

Nyimbo yatsopano imachoka bwanji m'mutu mwa wopeka kufika m'makutu mwa anthu?

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse. Choyamba pamafunika woitanitsa nyimboyo ndi kuilipira, kaya ndi nyumba ya wailesi, chikondwerero cha zoimbaimba, gulu la okestra kapena munthu wachuma wokonda luso. Mu 1976, mwachitsanzo, Rostropovich anapempha opeka 12 kuti aliyense alembe nyimbo yokumbukira kuti Paul Sacher wa ku Switzerland, amene anathandiza opeka ambiri ndi chuma chake, wakwanitsa zaka 70.

Mgwirizano ukachitika, wopeka ndi woimba amayamba kuyenderana. Opeka ambiri saimba chelo, ndiye amabwera ndi zolemba zosatha, n'kumafunsa ngati zala zingafike apa ndi apo nthawi imodzi. Woimba amayesa, amakana zina, amasonyeza njira ina, ndipo nthawi zina liwu limene latuluka mwangozi ndilo wopeka amalikonda n'kumangirapo gawo lonse. Anssi Karttunen wa ku Finland, wobadwa mu 1960, anagwira ntchito motere ndi Kaija Saariaho kwa zaka zoposa 30 kufikira mayiyo atamwalira mu 2023, ndipo nyimbo zambiri za chelo za Saariaho, kuphatikizapo zophatikiza chelo ndi makina a kompyuta, zinakula kuchokera pa ubwenzi umenewo.

Kenako imabwera nthawi ya yekha. Woimba nyimbo ya Bach ali ndi zojambulidwa mazanamazana zoti amvere ndi aphunzitsi oti amuwongole. Woimba nyimbo yatsopano alibe aliyense wotsanzira. Amayamba ndi kuwerenga masamba ofotokoza zizindikiro, chifukwa wopeka aliyense amakhala ndi zake, n'kumalemba ndi pensulo chala choti chigwire noti iliyonse, n'kumawerengera kugunda kumene nthawi zina kumagawa asanu mkati mwa asanu ndi awiri. Mzere umodzi ukhoza kumudyera sabata. Ndipo tsiku loimba koyamba likafika, udindo wake ndi wolemera kuposa wa woimba wina aliyense, pakuti akalakwitsa nyimbo yodziwika anthu amati woimba walakwa, koma akalakwitsa yatsopano amati nyimboyo ndi yoipa, ndipo mwina sidzaimbidwanso.

Zimatenga zaka zingati kuti munthu afike pamenepo?

Ambiri amayamba ali ndi zaka zapakati pa 5 ndi 10 pa kachelo kakang'ono kolingana ndi msinkhu wawo, amaphunzira zaka 10 kapena kuposerapo asanalowe sukulu yaukachenjede ya zoimbaimba, kumene amakhalanso zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi akuyeserera maola angapo tsiku lililonse. Palibe amene amalumpha nyimbo zakale. Dzanja limene silinakhazikike pa Bach silingalamulire mawu osalimba a Saariaho.

Kodi ntchito imeneyi imadyetsa banja?

Abambo ndiwo amafunsa kwambiri funso limeneli, ndipo ali ndi ufulu wolifunsa. Yankho loona n'lakuti ndi ochepa kwambiri amene amakhalira kuimba nyimbo zatsopano zokha. Pali magulu angapo amene amalemba oimba ntchito yokhazikika kapena yobwerezabwereza: London Sinfonietta imene inayamba mu 1968, Ensemble intercontemporain imene Pierre Boulez anaiyambitsa ku Paris mu 1976 mothandizidwa ndi boma la France, ndi Ensemble Modern ya ku Germany ya mu 1980. Koma gulu lililonse limafuna oimba chelo ochepa chabe. Palinso zikondwerero zakale monga cha ku Donaueschingen chimene chinayamba mu 1921 ndi cha ku Warsaw cha mu 1956, zimene zimaitana oimba kwa masiku ochepa pa chaka.

Ndiye woimba amachita monga mmene mlimi wa kuno amachitira, amene sadalira tiyi yekha koma amadzalanso chimanga, nandolo ndi nthochi m'mbali mwa munda. Amaphunzitsa, amaimba m'gulu la okestra, amajambulitsa nyimbo za m'mafilimu, amalemba makalata opempha thandizo kwa mabungwe a zaluso. Ndalama za umwini wa nyimbo, zofanana ndi zimene bungwe la COSOMA limatolera kuno kwathu, gawo lake lalikulu limapita kwa wopeka. Ulendo nawo umadya zambiri, chifukwa chelo sichiikidwa pamodzi ndi masutikesi, ndipo woimba amachigulira mpando wakewake m'ndege. Kholo limene likufuna kuti mwana adzalemere msanga lisamulozere njira imeneyi.

Kodi zimenezi si za azungu okha?

Chidacho chinachokera ku Ulaya, zimenezo sitingatsutse, monganso gitala ndi limba la m'tchalitchi. Koma nyimbo za opeka amoyo ndi khomo limene anthu a maiko ena alowerapo ndi katundu wawo yemwe. Rohan de Saram, amene anabadwira ku Sheffield mu 1939 kwa makolo a ku Sri Lanka ndipo anakulira ku Sri Lanka komweko, anaimba m'gulu la anthu anayi la Arditti Quartet kufikira mu 2005, gulu limene linali loyamba kuimba nyimbo zatsopano mazanamazana. Luciano Berio wa ku Italy pomulembera Sequenza XIV mu 2002, anamufunsa za ng'oma za ku Kandy, mzinda wa ku Sri Lanka, zimene de Saram ankazidziwa kuyambira ali mwana, ndipo kugunda kwa ng'omazo kunalowa m'nyimbomo, woimba akuomba thupi la chelo ndi dzanja lamanja, zala zamanzere zikumenya nsambo. Lero aliyense wofuna kuimba nyimboyi, kaya ndi wa ku Tokyo kapena ku Vienna, amayenera kuphunzira kugunda kwa kwawo kwa de Saram.

Pafupi ndi kwathu kuno pali Abel Selaocoe, wobadwa mu 1992 ku Sebokeng ku South Africa, amene ankapita ku Soweto kukaphunzira chelo ali mwana, kenako anakamaliza maphunziro ku Royal Northern College of Music ku Manchester. Iye amaimba chelo akuimbanso ndi pakamwa m'zilankhulo za kwawo, ndi liwu la pakhosi lotsika kwambiri, ndipo amapeka yekha nyimbo zimene magulu aakulu a okestra amaimba naye. Gulu la Kronos Quartet la ku America linatulutsa mu 1992 chimbale cha nyimbo za opeka a mu Africa okhaokha, mwa iwo Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe ndi Kevin Volans wa ku South Africa.

Ndiwonjezere chimodzi chimene ndimachikonda. Ligeti yemwe uja, patapita zaka zambiri atalemba nyimbo ya Palm, anamva zojambulidwa za oimba malipenga a mtundu wa Banda Linda a ku Central African Republic, ndipo kalukidwe ka kugunda kwawo kanasintha kapekedwe kake m'zaka za m'ma 1980. Ankawerenganso zolemba za Gerhard Kubik wa ku Vienna, wofufuza nyimbo za mu Africa, amene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Chileka. Zimene ophunzira a ku Ulaya amatuluka nazo thukuta, zowerenga ziwiri ndi zitatu nthawi imodzi, mwana wovina tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2014, amazinyamula m'miyendo asanadziwe kulemba dzina lake.

Nanga atsikana angathe?

Angathe, ndipo ena mwa olimba mtima kwambiri pa ntchitoyi ndi amayi. Frances-Marie Uitti, wobadwira ku Chicago, anatulukira njira yogwira mauta awiri m'dzanja limodzi, wina pamwamba pa nsambo wina pansi, kuti nsambo zonse zinayi zizilira pamodzi, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Rome ndi wopeka Giacinto Scelsi. Joan Jeanrenaud anali woimba chelo wa Kronos Quartet kwa zaka pafupifupi 20, ndipo ndiye akumveka m'chimbale cha mu 1992 chija. M'kwaya yathu muno, amene amapirira kwambiri kubwereza mzere umodzi kakhumi ndi atsikana.

Mwana wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amene wakopeka ayambire pati?

Ayambire pa zimene zili pafupi. Aphunzire kuwerenga manoti a pa mizere isanu, osati solofa yekha, chifukwa solofa amatithandiza m'kwaya koma sangathe kunyamula nyimbo zimene zilibe do. Aphunzire kumva ngati liwu lakwera kapena latsika pang'ono, ndipo pa chimenechi kwaya yoimba popanda kiyibodi ndi sukulu yabwino. Asanyoze ng'oma, bangwe, mangolongondo kapena kaligo ngati pamudzi pakadali wodziwa, pakuti tsiku lina wopeka adzamufunsa chimene wabwera nacho kuchokera kwawo, monga Berio anafunsira de Saram. Akakula, maphunziro a zoimbaimba amapezeka ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe, ndipo wofuna kuzama pa chelo chenichenicho ayenera kukonzekera kudzapita kunja, monga ku South Africa, kumene kuli magulu a okestra ndi masukulu a zida za nsambo. Mayeso a zoimbaimba a bungwe la ku Britain la ABRSM, amene amayambira giredi 1 mpaka 8, amathandiza kusonyeza masukulu akunja pamene wophunzira wafika.

Pa intaneti pali maphunziro ambiri, koma ndichenjeze kuti kagwiridwe ka uta ndi kakhalidwe ka msana zimafuna munthu woona ndi maso n'kukonza ndi dzanja. Chizolowezi choipa chikakhazikika chimabala ululu wa m'mapewa ndi m'mikono umene waimitsa ntchito oimba ambiri aluso.

Kodi chelo chingapirire nyengo ya kuno?

Chimapirira ngati mwini wake ali tcheru. Matabwa ake amalumikizidwa ndi guluu wa zikopa, amene amasankhidwa dala chifukwa amalola mmisiri kutsegula chida n'kuchikonza, koma guluu ameneyu amafewa ndi chinyontho. Ife tili m'dera la mvula yambiri, ndipo chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikaphimba phiri kuyambira ku Sapitwa mpaka m'minda ya tiyi, thabwa limamwa madzi n'kufufuma, zikhomo zotchunira zimalimba, ubweya wa uta umalefuka. Ikafika Okutobala zonse zimauma n'kukhwinyata, ndipo ming'alu imayambira pamenepo.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Chaka china ndinasiya chelo changa chotsamira khoma la chipinda chimene chimadontha, ndipo nditabwerako ku maliro patatha sabata ndinapeza thabwa la kumsana latseguka kunsi. Mmisiri wina wa mipando, pofuna kundithandiza, anamatapo guluu woyera wa matabwa, ndipo zinatenga miyezi kuti munthu wodziwa zida za nsambo achotse guluuyo popanda kuswa thabwa. Chiyambire pamenepo chimakhala m'bokosi lake, kutali ndi khoma, zenera ndi mbaula, uta utamasulidwa, nsambo zitapukutidwa ndi kansalu kouma, ndipo m'bokosimo ndimaikamo timapaketi toyamwa chinyontho timene timabwera ndi nsapato zatsopano. Nsambo zapadera ndimaitanitsa kwa apaulendo nthawi isanakwane, chifukwa ya A imaduka mosachenjeza.

Ndikufuna kumvetsera koyamba. Ndiyambe ndi iti, ndipo ndimvetsere bwanji?

Musayambe ndi Xenakis kapena Lachenmann. Yambani ndi Selaocoe, amene mawu ake a pakamwa adzakugwirani dzanja, kenako Sequenza XIV, mukutchera khutu ku ng'oma imene yabisala m'thabwa. Ngati mungathe, onerani kanema m'malo momva mawu okha, chifukwa kuona zimene manja akuchita kumatsegula khutu. Nyimbo iliyonse imveni katatu masiku osiyana musanaiweruze.

Mukatero pitani ku nyimbo imene Ligeti analembera Palm. Dikirani usiku, maminibasi a ku Limbe atasiya kuitanira ndiponso mabenchi a pamsika atatsekedwa, ndipo valani zomvera za m'makutu. Nyimboyi imayamba ndi liwu limodzi lokha, E, limene wopeka analiikira chizindikiro cha kufatsa kasanu ndi katatu, kutanthauza kuti liyambe ngati likuchokera kumene kulibe kanthu. Kwa kanthawi mudzaganiza kuti lamya yazima. Musakweze voliyumu. Woimbayo wayamba kale kukoka uta, ndipo liwulo limakula pang'onopang'ono, zida zina n'kumalowamo chimodzichimodzi pa liwu lomwelo, mpaka simudziwanso kuti chelo chathera pati. Ana a m'kwaya amene anaseka tsiku loyamba lija anapempha okha kuti tiimvenso, ndipo Lachisanu lapitali tinayesa kuchita chimodzimodzi ndi mawu athu, mtsikana mmodzi wa alito atagwira liwu lake, ife ena 23 tikulowamo mmodzimmodzi.